Mutu Wachinayi: Alonda a M'dimba la Amayi

1. Mawu a pa zenera la basi

Mwiza Mhango anali mtsikana wanzeru, koma vuto lake linali lakuti ankadziwa kuti ndi wanzeru. Anali atangolemba kumene mayeso a Sitandade 8 pa sukulu ina ya ku Area 25, ndipo ankayenda ngati zotsatira zatuluka kale. Ukamufunsa za sayansi, ankayankha usanamalize n'komwe funso.

Chaka chimenecho, cha 1995, kunyumba kwa a Mhango kunali piringupiringu. Betty, mkulu wake wa Mwiza, ankakwatiwa Loweruka lomaliza la mwezi wa Seputembala. Mayi awo, omwe aliyense ankawatchula kuti NyaGondwe, anali ataimirira pamaso pa komiti yonse ya ukwati n'kulonjeza kuti za ndiwo zamasamba munthu asade nazo nkhawa. Kabichi, repu ndi matimati zidzachokera m'dimba lawo la kudambo.

NyaGondwe akalonjeza, mawu awo sankagwa pansi. Amayi onse a kutchalitchi ankadziwa zimenezo, moti komiti inangofufuta ndiwo zamasamba pa mndandanda wa zinthu zokagula.

Kutatsala masabata atatu, NyaGondwe anayenera kupita kwawo ku Karonga kukatenga mpunga wa ukwati ndi abale okalamba omwe sakanatha kuyenda okha. Nanga dimba lisiyidwa m'manja mwa yani? Bambo Mhango ankagwira ntchito ku Kanengo, kuchoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. Betty naye mutu unali kwa atelala.

"Ndiitana azakhali ako a ku Kawale adzakhale kuno," anatero NyaGondwe.

"Aaa, Amama!" Mwiza anadandaula. "Kabichi yemweyu mpaka kuitanira anthu a ku Kawale? Ine ndaphunzira zaulimi zaka zinayi. Ndinkakhoza zonse."

"Unkakhoza papepala."

"Pepala ndi dimba n'chimodzimodzi, Amama. Kusiyana kwake ndi matope basi."

NyaGondwe anamuyang'ana nthawi yaitali. Mwana ameneyu anali asanathirepo ndowa ngakhale imodzi m'dimbamo, chifukwa chaka chonse ankamusiya kuti aziwerenga. Komabe anavomera.

"Chabwino. Koma udziwe kuti dzina langa lili pa kabichi ameneyo. Akawonongeka, manyazi ake ndi anga, ndiponso a mkulu wako pamaso pa apongozi ake."

Tsiku la ulendo Mwiza anawaperekeza ku depoti. Basi ya kumpoto itayamba kuyenda, pakati pa phokoso la ogulitsa nthochi ndi mazira, NyaGondwe anatulutsa mutu pa zenera.

"Iwe Mwiza! Ndinaiwala! Alonda anga aja usawaiwale! Madzi tsiku lililonse, asamve ludzu! Ndipo pogona pawo usasokonezepo!"

"Ndamva, Amama!" anakuwa Mwiza akubayibitsa.

Kumva kokha anamvadi, makutu ake anali abwinobwino. Basi inakhota n'kusowa m'fumbi.

2. A Medson alandira tiyi

Dimba la NyaGondwe linali la mabedi khumi ndi awiri, lozunguliridwa ndi mpanda wa udzu, ndipo pakona pake panali chitsime chosaya chokumba pamanja. Pafupi ndi mpandawo panali uvuni wa njerwa wa munthu wina yemwe ankamanga nyumba ku Area 18. Njerwazo ankalondera ndi a Medson, bambo wachikulire wa ku Dowa, yemwe ankakhala m'kachisakasa pomwepo. Ankavala chijasi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anthu a kudamboko sankawatchula dzina, ankangoti "alonda".

Ndiye Mwiza atafika m'mawa woyamba n'kuwaona atakhala pa njerwa, anangoti basi, alonda aja ndi amenewa. Nayenso analeredwa bwino. Anaona kuti kupatsa munthu wamkulu madzi okhaokha n'kusowa ulemu, choncho tsiku lotsatira anabwera ndi fulasiki ya tiyi ndi mbatata ziwiri zophika. Anagwada.

"Abambo, Amama anati ndizikupatsani madzi tsiku lililonse, musamve ludzu."

"Ine?" A Medson anadziloza pamtima. "NyaGondwe ananena zimenezo?"

"Eya. Anatinso pogona panu ndisasokonezepo."

A Medson anayang'ana kachisakasa kawo, anayang'ana fulasiki, kenako anayang'ana kumwamba.

"Mayi amene uja ndi wa Mulungu," anatero, akusenda mbatata.

Nkhani ya alonda itatha choncho, Mwiza analowa m'dimba kuti aonetse dziko momwe munthu wophunzira amalimira. Kabichi anali wokongola, mitu itayamba kulimba. Koma m'tinjira ta pakati pa mabedi, kalanga ine, munali uve! Mapale a miphika yosweka ovundikira, zidutswa za njerwa, theka la ndowa yakale, milu ya udzu wonyowa. Mwiza anagwedeza mutu. Mayi ake aukhondo aja, amene ankakolopa ngakhale kuseri kwa kabati, n'kumasunga zinyalala zotere?

Anawerama n'kuvundukula phale limodzi.

Kukuwa kwake kunamveka mpaka ku chigayo. Pansi pa phalelo panali chule wamkulu ngati nkhonya ya munthu, wa khungu lokhakhala, mwendo umodzi wakutsogolo wopanda zala ziwiri. Chuleyo sanathawe. Anangomuyang'ana Mwiza ngati akufunsa kuti wagogoda bwanji osaodira.

Asiyatu, mnzake wa m'kalasi yemwe ankachapa zovala chapafupi, anabwera akuthamanga, thovu lili m'manja.

"Njoka?"

"Chule!"

"Iwe, chule yemweyo ndiye mpaka kundisiyitsa zovala? Koma usamugwire, amapatsa njerewere."

Anavundukula phale lina, chule. Theka la ndowa lija, achule atatu. Pansi pa udzu, enanso. Mwiza thupi lonse linachita tsembwe. Ukwati wa mkulu wake anthu adzadye kabichi wokulira pakati pa zinthu zimenezi? Zosatheka.

Atsikana awiriwo anatenga khasu ndi timitengo n'kuyamba kukankhira achulewo m'ndowa, uku akukuwa, uku akuseka. Anakwana makumi awiri ndi atatu. Anawanyamula mpaka kumapeto kwa dambo, ku maenje akale okumbamo dothi la njerwa, n'kuwakhuthulira komweko. Mapale onse anawaunjika kunja kwa mpanda, udzu anautaya, tinjira anatisesa mpaka kuyera ngati bwalo la sukulu tsiku lobwera alendo. A Medson sanaone kanthu, anali atapita kumsika kukagula fodya wawo.

Madzulo Betty, ali ndi mapini kukamwa akuyesa diresi la operekeza, anafunsa:

"Alonda a Amama ukuwapatsa madzi?"

"Madzi okha? Ine ndikuwapatsa tiyi ndi mbatata."

Betty anaseka mpaka mapini anagwa. Iye ankawadziwa bwino alonda a mayi ake, ndipo anaganiza kuti mng'ono wake wayamba nthabwala.

3. Mabowo

Masiku oyamba zonse zinali bwino. Mwiza ankathirira m'mawa ndi madzulo, a Medson ankamwa tiyi, ndipo masaya awo anayamba kuwala.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri Mwiza anaona timabowo tochepa pa masamba a repu. Sanadandaule. Tsiku lakhumi anapeza mbande za bedi lomaliza zitadulidwa m'tsinde, zili lambalamba ngati wina wadutsapo ndi lumo. Pofika tsiku lakhumi ndi chiwiri, masamba akunja a kabichi anali ngati sefa. Atatembenuza tsamba limodzi anapeza mbozi zobiriwira zili mbwee, zikudya mosatekeseka. Ziwala zinkadumpha paliponse, ndipo m'mabedi munadzaza maenje a nkhululu.

Mwiza anakhala pansi m'kanjira kake koyera kaja. Ukwati unatsala masiku asanu ndi anayi. Anachita mantha kwambiri, ndipo misozi inalengeza.

Asiyatu anamupeza ali choncho. Atamva nkhaniyo anathamangira kwawo, n'kubwera ndi botolo la zakumwa lotseka ndi chitsononkho. M'katimo munali madzi oderako, ndipo pabotolopo panalibe pepala lililonse.

"Pukuta misozi," anatero Asiyatu. "Amalume anga a Idi anapatsidwa ndi mnzawo wa ku esiteti. Akuti chivindikiro chimodzi m'ndowa, mbozi zonse zimayoyoka pomwepo. Mawa udzapeza dimba lili mbee."

"Dzina lake ndi chiyani?"

"Dzina ulitani? Ukufuna kuwalembera kalata mankhwalawo?"

Mwiza anazula chitsononkho chija. Fungo lake linamulasa m'mphuno mpaka anayetsemula katatu. Anatunga madzi m'ndowa n'kupendeketsa botolo.

4. Tiyi wa eni ake

"Odi kuno! Fulasiki yanu iyi, mwana wanga. Lero shuga anali bwino kwamb..."

A Medson anaima pa chipata cha dimba. Aka kanali koyamba kulowamo chichokereni NyaGondwe. Mphuno yawo inanunkhiza, maso awo anagwera pa botolo.

"Tseka chimenecho! Tseka msanga, uike pansi!"

Mwiza anatseka. A Medson anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabedi, akuyang'ana masamba obooka ndi tinjira tosesedwa. Nkhope yawo inasintha.

"Iwe Mwiza, nanga alonda a mayi ako ali kuti?"

"Si inu muli apa, Abambo?"

"Ayi, ndikunena alonda a m'dimba muno. A pansi pa mapale aja. Mayi ako amawatchula choncho, amawathirira madzi m'mawa uliwonse. Achule."

Asiyatu anagwira pakamwa. Mwiza anayang'ana fulasiki, a Medson nawonso anayang'ana fulasiki yomweyo.

"Ndiye kuti tiyi uja..." anayamba a Medson.

"Amama anangoti alonda," anatero Mwiza ndi mawu aang'ono. "Ine ndinkayesa akukulemekezani inuyo. Achulewo ndinakawataya kumaenje."

Ha! A Medson anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi, anaseka mpaka anatsokomola, chipewa n'kugwera m'bedi la matimati.

"Masiku khumi ndi awiri ndikumwa tiyi wa achule! Ine n'kumati NyaGondwe wandikumbukira pa ukalamba wanga! Mbatata zonse zija, kani eni ake ali kudzenje!"

Asiyatu naye anagwa nako kuseka. Ngakhale Mwiza, misozi ili m'masaya, analephera kudzigwira. Koma a Medson atapukuta m'maso anamukodola kuti akhale pafupi, ndipo anathyola tsamba limodzi lobooka.

"Tamvera tsopano, chifukwa nkhani iyi si yoseketsa yonse. Ona dzuwa ilo. Limawala pa tsamba ili. Tsamba limatenga kuwalako, madzi amene wathira ndi mpweya, n'kupanga chakudya. M'dimba monse muno palibe wina amene amatha ntchito imeneyo, koma tsamba lokha. Enafe tonse ndife odya za eni. Mbozi ikadya tsamba, mphamvu ya dzuwa ija yalowa mwa mbozi. Chule akameza mbozi, yalowa mwa chule. Kakowa uja umamuona kumaenje akameza chule, yapitirira. Koma siifika yonse ayi. Mbozi imathako ina poyenda, chule amathako ina podumpha ndi poimba nyimbo zake zosakoma zija. N'chifukwa chake masamba ndi osawerengeka, mbozi n'zodzaza zitini, achule ndi makumi awiri okha, koma kakowa wa mbali yonse ino ndi mmodzi. Zonsezi zikafa zimawola, nyongolotsi n'kuzisakaniza ndi dothi, tsamba lina n'kumera pomwepo. Dzuwa lokha ndilo limabweretsa mphamvu yatsopano tsiku ndi tsiku."

"Zimenezo tinaphunzira," anatero Mwiza. "Tinajambula ndi mivi yomwe. Tsamba, chiwala, chule, njoka. Ndinakhoza."

"Unakhozadi. Chule wa m'buku unamulemba bwino, wa pansi pa phale n'kukamutaya. Dzuwa likangolowa achule aja ankatuluka n'kuyamba ntchito, kumeza mbozi zodula mbande, nkhululu, ana a ziwala. Iwe wachotsa wodya, wasiya odyedwa. Ukuganiza kuti achita chiyani? Akuchita ukwati wawo, asanafike wa mkulu wako."

Kenako analoza botolo lija ndi ndodo yawo, osalikhudza.

"Za ichi ndiye undimvere bwino, nawenso Asiyatu. Ine ndisanakhale mlonda ndinagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina ya fodya. Chaka china tinapopera mankhwala a fungo ngati ili pa nazale, pafupi ndi khwawa. M'mawa mwake mbozi zinali zitafa, ife n'kuomba m'manja. Tsiku lachiwiri tinapeza achule ali chagada m'mbali mwa madzi. Sabata isanathe, akakowa awiri anafera pomwepo. Nkhuku za mkazi wanga zinatola ziwala zakufa, zisanu zinapita. Mukuona? Poizoni naye amayenda njira yomwe ija imene mphamvu imayenda, kuchoka kwa wodyedwa kupita kwa wodya. Patatha mwezi mbozi zinabweranso, zambiri kuposa kale, chifukwa zimaswana msanga, pomwe achule oti azidye panalibe. Sindikunena kuti mankhwala onse ndi oipa. Alipo a ndiwo zamasamba, amakhala ndi pepala lonena muyezo ndi masiku oyembekeza usanathyole. Koma ili lilibe dzina, lilibe muyezo. Simukudziwa ngati ndi la fodya, la thonje kapena losambitsira ng'ombe. Ndipo kumapeto kwa mivi yako ija, Mwiza, pa kabichi uyu sipali kakowa ayi. Pali mkulu wako, mwamuna wake, ana a Sande sukulu ndi okalamba amene mayi ako apita kukawatenga."

Asiyatu anasuntha kutalikirana ndi botololo. "Amalume sanandiuze zimenezo," anatero.

"Mwina nawonso sanauzidwe," anayankha a Medson.

5. Kumaenje

"Ndiye nditani, Abambo?" anafunsa Mwiza. "Masiku atsala asanu ndi anayi."

"Njira zilipo ziwiri. Ya botolo ndi yachidule, mawa kabichi aoneka bwino, ndipo palibe amene adzadziwe, kupatula iwe. Inayo ndi yotopetsa. Ukatenge alonda uwabwezere kwawo, ndipo ntchito imene yawakulira uwathandize ndi zala zako. Sindikulonjeza kuti upulumutsa zonse. Dimba anasiyira iwe, osati ine."

"Ndikawatenge ndi khasu?"

"M'matope muja khasu liwapweteka. Ndi manja."

Mwiza anayang'ana manja ake osalala aja. Patsiku la ukwati anayenera kunyamula maluwa.

"Nanga njerewere?"

A Medson anatambasula zikhatho zawo. Zinali zolimba ngati chikopa, koma njerewere panalibe ngakhale imodzi.

"Ndayamba kugwira achule mayi ako asanabadwe. Za njerewere ndi zongokamba. Chachikulu, ukawagwira usatikite m'maso, ndipo usambe m'manja ndi sopo, chifukwa khungu lawo limatulutsa madzi owawa."

Mwiza anaimirira, anatola botolo lija ndi tsamba la nthochi n'kulipereka kwa a Medson.

"Ili musunge kutali. Musalitaye m'dambo."

"Ndikapereka kwa alangizi a zaulimi, iwo akudziwa kotaya."

Mwiza anatenga ndowa n'kuyang'ana mnzake. "Asiyatu, unandithandiza kuwathamangitsa. Tiye ukandithandize kuwapepesa."

Kumaenje kuja anapeza kakowa ataima ndi mwendo umodzi, wonenepa bwino, ndipo Asiyatu anati mbalameyo ikanayenera kumuthokoza Mwiza. Anayamba kufufuza pansi pa zibuma ndi udzu wa m'mbali mwa madzi. Chule woyamba anali wozizira, wofewa kumimba, ndipo Mwiza atangomunyamula anamukodzera m'manja.

"Mayo ine!" anakuwa, koma sanamutaye.

"Wakulandira!" anatero Asiyatu ali patali ndithu, atagwira ndowa ndi nsonga za zala.

Wachiwiri anavuta pang'ono. Pofika wachisanu, Mwiza anali atayamba kuwalankhula. "Pepani bwana, tiyeni kuntchito, tchuthi chatha." Dzuwa likupendeka anali atapeza khumi ndi asanu ndi awiri. Wamkulu uja wopanda zala ziwiri sanaoneke.

Anabwezera mapale onse m'tinjira, anamweta udzu wina n'kuunyowetsa, ndipo pansi pa phale lililonse anathirapo madzi asanaikepo mwini wake.

Masiku otsatirawo Mwiza anaidziwa ntchito. M'mawa uliwonse, mame asanaume, ankatembenuza tsamba lililonse n'kutola mbozi kuponya m'chitini. Anawaza phulusa mozungulira mbande zotsala. Msana unkawawa, zikhadabo zinabiriwira. Chitini chikadzaza ankapita nacho kunyumba n'kukhuthulira nkhuku, zomwe zinayamba kumuthamangira zikangomuona pa geti.

"Waona?" anatero a Medson. "Kabichi amene mbozi zinaba akubwerera kwanu kudzera m'mazira. Mwina alowa ndi mu keke ya mkulu wako."

Tiyi sanasiye kubwera. A Medson anayesa kukana mwaulemu, koma Mwiza anati munthu sungamuchotse pa tiyi chifukwa chakuti si chule.

Patapita masiku anayi, mbande zinasiya kudulidwa. Mabowo atsopano anachepa. Mabedi awiri a kumapeto anali atatheratu, koma m'mabedi khumi otsalawo mitu ya kabichi inali yolimba m'kati, ngakhale masamba akunja anali ngati sefa.

6. Sajeni

NyaGondwe anafika Lachitatu ndi matumba a mpunga ndi okalamba anayi. Sanakhale pansi n'komwe. Anangomwa madzi n'kunena kuti, "Mwiza, tiye kudimba."

Anayenda bedi ndi bedi, akufinya mitu ya kabichi. Pa mabedi awiri opanda kanthu aja anaima. Kenako anayamba kuvundukula mapale.

"Phale ili silikhala apa," anatero. "Ndipo Sajeni ali kuti?"

"Sajeni?"

"Wamkulu uja wopanda zala. Ndinamupweteka ndi khasu mwangozi zaka zitatu zapitazo, koma sanachoke. Amakhala pafupi ndi chitsime."

Mwiza akanatha kunena kuti mwina njoka yamudya. A Medson anali kunja kwa mpanda, akuyang'ana kumbali ngati sakumva. Koma mtsikanayo anagwada m'kanjira momwemo n'kufotokoza zonse: za tiyi, za ndowa ya achule, za botolo lopanda dzina, osasiyako kanthu.

Pa nkhani ya tiyi NyaGondwe anayesetsa kulimbitsa nkhope, koma milomo inawakanika. Pa nkhani ya botolo kuseka kunatha. Anagwira manja a mwana wawo n'kuwatembenuza, kuona zikhadabo zobiriwira zija ndi matuza a ndowa.

"Mwana wanga, cholakwa china ndi changa. Ndinakuwa pa zenera ngati ndikulankhula ndi munthu wodziwa, chonsecho sindinakutengepo kuno ngakhale tsiku limodzi. Koma iwenso uphunzire. Ukapeza chinthu chili pamalo pomwe sukuchimvetsa, usathamangire kuchichotsa. Yamba wafunsa amene anachiika. Mabedi awiri apita, Sajeni wapita, zandipweteka. Koma ukanathira botolo lija, ine n'kudzadyetsa anthu osadziwa, sindikudziwa kuti bwenzi tikukamba zotani sabata yamawa. Dzuka. Kabichi uyu akwana."

Ndipo anakwanadi. Lachisanu anadula mitu yodzaza wilibala kasanu. Amayi a komiti akusenda masamba akunja kuseri kwa nyumba, mmodzi wa iwo, Mayi Lonely, anakweza tsamba lina n'kusuzumira pa bowo.

"NyaGondwe, chaka chino kabichi wanu ali ndi mawindo bwanji?"

Mwiza, yemwe ankadula matimati pambali, anaweramitsa mutu. Ankayembekeza kuti nkhani yake iyamba kuyenda Area 25 yonse.

"Alonda anga anapita ku tchuthi masiku ochepa," anayankha NyaGondwe osatembenuka. "Koma amene ndinamusiyira dimba anakawatenga yekha ndi manja ake. Dulani, m'katimo ndi mwabwino."

Loweruka anthu anadya mpaka ena anapempha kuwonjezera. Mwiza ananyamula maluwa ndi manja opanda njerewere. Betty anasekanso za tiyi uja mpaka wojambula zithunzi anachita kumupempha kuti atseke pakamwa pang'ono. Palibe amene anadwala m'mimba.

7. Chikhomo chofiira

Lolemba m'mawa Mwiza anatsikira kudambo, dzanja lina ndowa, lina fulasiki ndi chidutswa cha keke chokulunga m'pepala. Palibe amene anamutuma.

Anayamba ndi alonda aang'ono. Atafika pa phale la pafupi ndi chitsime, lomwe linakhala lopanda mwini masiku onsewo, analivundukula mwachizolowezi kuti athirepo madzi. Pansi pake panali chule wamkulu ngati nkhonya, woonda pang'ono, matope ali thupi lonse, mwendo wakutsogolo wopanda zala ziwiri.

"Abambo! A Medson! Sajeni wabwera! Wayenda yekha kuchokera kumaenje!"

Anadumphadumpha ngati mwana wa Sitandade 1. Koma a Medson atalowa pa chipata sanaseke. Keke anailandira, koma sanaitsegule.

"Wabwerera kwawo, inde," anatero. "Koma taona kumbuyo kwakoko."

Mwiza anatembenuka. Pafupi ndi chitsime, mapazi awiri okha kuchokera pa phale la Sajeni, panali chikhomo cha mtengo chopaka penti yofiira. Kutsogolo kwake kunali china, pakati penipeni pa bedi la matimati. China chinali kunja kwa mpanda, ndipo mzere wake unapitirira mpaka kumaenje.

"Anabwera anthu atatu ndi tepi yoyezera, Loweruka, inu muli ku ukwati," anatero a Medson. "Akuti dambo lonseli aligawa mapuloti. Chitsime akwirira, madzi awapatutsa."

"Nanga alondawa apita kuti? Nanga kakowa?"

"Ndinawafunsa zomwezo. Anandiseka."

Mwiza anabwezera phale pamwamba pa Sajeni mosamala, n'kuthira madzi m'mbali mwake.

"Anati abweranso liti?"

"Lachinayi m'mawa."

Mwiza anaika ndowa pansi, pafupi ndi chikhomo chija.

"Ndiye Lachinayi adzandipeza pano," anatero.